Zipolopolo za .22 pa mamita 50 kukuwomba mphepo

Achimwene, mwati Loweruka munapita kukalabu yanu yowombera mfuti ku Cape Town ndi mabokosi awiri a zipolopolo za .22, zodula za Eley Tenex ndi zotchipa za SK Standard Plus, munawombera zisanuzisanu pa mamita 50 mphepo ili mkati, ndipo zotchipazo zinaunjikana pamodzi kuposa zodulazo. Ndiye mukufunsa ngati mungogula katoni yonse ya zotchipazo. Dekhani kaye. Tsiku limenelo simunayese zipolopolo ayi, munayesa mphepo.

Pa chandamale cha mamita 50 cha ISSF, bungwe la dziko lonse la mipikisano yowombera, bwalo la 10 ndi lotambalala mamilimita 10.4 okha. Mphepo yodutsa chopingasa pa liwiro la makilomita 16 pa ola imakankha chipolopolo cholemera ma grain 40 (grain ndi muyeso wa kulemera kwa zipolopolo) pafupifupi masentimita 2 kapena 3 pa mtunda womwewo, pamene zipolopolo zabwino zamitundu iwiri zimasiyana ndi mamilimita ochepa chabe. Kamphepo kakangosintha pakati pa kuwomba koyamba ndi kwachisanu, kusiyana mukukufunako kwakwiririka. Ndipo mphepo ya kwanuko yotchedwa Cape Doctor ili ngati mwera wa kunyanja kwathu: zonse zimachokera kum'mwera chakum'mawa, ndipo siziwomba mofanana, pena zimakalipa pena zimaleza.

Ambiri amaganiza kuti chipolopolo chothamanga kwambiri ndicho chimapirira mphepo. Pa .22 sizili choncho. Chomwe chimapatsa mphepo mpata si nthawi yonse imene chipolopolo chili m'mlengalenga, koma nthawi imene chachedwa chifukwa chotaya liwiro panjira. Zija zolembedwa high velocity zimatuluka mumpope wa mfuti zikuposa liwiro la phokoso, lomwe ndi pafupifupi mamita 340 pa sekondi, ndipo mpweya umazibweza mwamphamvu, motero zimapatuka kwambiri. Nchifukwa chake zipolopolo za mpikisano amazipanga kuti zituluke pansi pang'ono pa liwiro limenelo, cha m'ma 320 mpaka 330.

Ngati mungathe, kayeseni m'mamawa kusanayambe kuwomba, kapena m'malo otseka. Opanga eni ake amatero: Eley ili ndi malo oyesera ku Birmingham, kampani ina ya Lapua ili nawo ku Schönebeck ku Germany, ndipo mfuti amaimanga pachitsulo, mkati mopanda mphepo, kuti dzanja la munthu ndi nyengo zisalowererepo.

Koma ndikudziwa kuti ambirife tsiku lopuma ndi limodzi, ndipo mphepo sitiisankha. Ndiye chitani chonchi. Zikani timbendera titatu ta nsalu yopepuka, kamodzi pafupi nanu, kena pakati, kena chakuchandamale, pa msinkhu umene chipolopolo chimadutsa, osati pamwamba pa denga. Kapafupi nanu kayang'aneni kwambiri, chifukwa chipolopolo chikapatuka chikangotuluka, chimapitiriza kupatuka ulendo wonse. Khalani mphindi zingapo osawombera, muone mmene timbenderato timakhalira nthawi zambiri. Sankhani kakhalidwe kamodzi kameneko ndipo muziwombera pokhapokha tikabwerera pamenepo. Musakhudze sikopu, galasi lolozera lija, musakonze kulozera kwanu potsata mphepo. Lozani pamalo amodzimodzi. Mukayamba kukonza, mukuyesa luso lanu, osati katunduyo.

Zisanu nzochepa kwambiri. Ine ndimafuna zosachepera 30 pa mtundu uliwonse, m'magulu a khumikhumi, mosinthanasinthana: gulu la uwu, gulu la uwo, kubwereranso, kuti mtundu wina usadye mphepo yonse yokalipa pamene unzake wapeza bata. Apa pali msampha umene unandigwirapo ine. Makampani amapaka zipolopolo zawo phula kapena mafuta osiyana, ndipo mukasintha mtundu, mpope umafuna muwombere zingapo pambali kuti uzolowere mafuta atsopanowo. Ndinatayapo mtima ndi loti yabwino, kutanthauza gulu la zipolopolo zopangidwira pamodzi, chifukwa ndinawerengera zoyambirira zija, ndipo ndinazindikira patapita miyezi, lotiyo itatha kale m'sitolo. Zinandiwawa.

Poyeza mabowo pa tsiku la mphepo, samalani kwambiri kutalika kwa gululo kuchokera pamwamba kufika pansi. Kumwazikana kopita kumanja ndi kumanzere ndi kwa mphepo. Kokwera ndi kotsika nthawi zambiri kumaulula zipolopolo zosiyana liwiro. Komabe dziwani kuti mphepo imakhudzanso kukwera pang'ono. Mpope umene mizere yake yamkati imazungulira kumanja, monga ilili yambiri, umachititsa kuti mphepo yochokera kumanja iponye chipolopolo kumanzere chokwera, cha pa 10 koloko mukaona chandamale ngati wotchi, ndipo yochokera kumanzere ichiponye kumanja chotsika, cha pa 4 koloko. Mukaona mabowo andandalika chopendekera pa mzere umenewo, zipolopolo zilibe mlandu. Bowo lotuluka pa mzerewo, lokwera kapena lotsika lokha, ndilo lofunika kulikayikira. Ngati wina kukalabu ali ndi chronograph, kachipangizo koyezera liwiro la chipolopolo, mubwerekeni, muone ngati bowo lotsikalo likugwirizana ndi liwiro lotsika.

Za katoniyo, musagule dzina, gulani nambala ya loti yolembedwa pabokosi. Maloti awiri a Tenex yemweyo angathe kuchita mosiyana mumfuti imodzi, ndipo ndizotheka ndithu kuti loti ya SK imene muli nayo ikugwirizana ndi mpope wanu. Funsani wogulitsa ngati angakusungireni lotiyo sabata imodzi kapena ziwiri, mukabwereze kuyesako m'mamawa, kenaka mudzatumize zithunzi za mapepalawo muno tiwerengere limodzi.