Katemera wachiwiri wa chikuku musamudumphe

Amayi, mwafunsa ngati mwana wanu wa zaka ziwiri akufunikabe katemera wachiwiri wa chikuku popeza woyamba analandira, komanso mwati apongozi akuti chikuku mwana aliyense amadwala ndipo chimatha chokha. Pitani naye kusikelo sabata yomwe ino. Sanachedwe ayi.

Kuno ku Malawi katemerayu amabayidwa kawiri, pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15, ndipo ndi waulere. Mwa ana 100 obayidwa pa miyezi 9, pafupifupi 15 katemera sagwira bwino m'thupi mwawo, makamaka chifukwa chitetezo chomwe anabadwa nacho kuchokera kwa mayi chimakhala chisanatheretu ndipo chimasokoneza katemerayo. Mwana wotereyu simungamudziwe ndi maso, amakhala wonenepa, wosewera bwinobwino. Amene amamuteteza ndi katemera wachiwiri uja.

Apongozi sakunama kuti kale pafupifupi mwana aliyense ankadwala chikuku. Koma si onse ankadzuka. Chikuku chimabweretsa chibayo ndi kutsegula m'mimba, ena chimawachititsa khungu, ena chimawatupitsa ubongo. Ngakhale wochira amatsala ndi thupi lofooka kwa miyezi yambiri, matenda alionse n'kumangomugwira. Mliri wa mu 2010 unadwalitsa anthu oposa 130,000 m'dziko muno ndipo oposa 300 anamwalira. Ambiri a ife tikukumbukirabe.

Chimene chimandiopsa ine ndi mmene chimafalira. Wodwala amayamba kupatsira ena masiku 4 zidzolo zisanatuluke, aliyense akuyesa chimfine chabe, ndipo kachilombo kake kamatsala mumpweya mpaka maola awiri iye atatuluka m'chipinda. Ndiye taganizirani kutchalitchi, mu minibasi, ku mkombaphala. Mwa anthu 10 opanda chitetezo amene ayandikana naye, 9 amatenga.

Mwana akabayidwa katemerayu atha kutentha thupi pang'ono kapena kutuluka tizidzolo patapita sabata, zimatha zokha. Koma mukadzaona kutentha thupi kwambiri, chifuwa, mamina ndi maso ofiira, kenako zidzolo zoyambira kumaso ndi kuseri kwa makutu, musamutsekere m'nyumba ndipo chonde musamuthire chilichonse m'maso. Thamangirani kuchipatala, mukanene msanga pofika kuti asakhale pamzere ndi ana ena. Kumeneko adzamupatsa vitamini A woteteza maso.

Potenga mwana musaiwale buku lake la kusikelo. Ngati linatayika pitanibe, alangizi a zaumoyo akakuthandizani. Ngati n'kotheka apongoziwo muwapemphe akuperekezeni, akadzimvere okha.