Mavolti 200 a pa koyilo ndi mphamvu yomwe munalowetsa kale

Achimwene, mwafunsa ngati moto umene umalumpha pa koyilo mukadula magetsi ungatchaje batire lachiwiri kuposa umene loyamba lataya, poti mwalowetsa mavolti 12 koma mukuona 200. Sungapose ayi. Komabe kuubweza ndi nzeru, musasiye.

Magetsi akamadutsa mu koyilo (waya wokulungidwa mozungulira), mphamvu ina imakhala yosungidwa ngati maginito. Poiwerengera timatenga theka la L (inductance ya koyilo, muyeso wa mmene imasungira maginito, mu ma henry) n'kuchulukitsa ndi I (ma ampere) kawiri, ndiye kuti ½ × L × I × I. Koyilo ya 10 mH (0.01 henry) pa 2 A imasunga 0.02 joule basi. Mukadula mwadzidzidzi, koyiloyo imalimbana kuti magetsi asaleke kuyenda, monga wasayansi Lenz anafotokozera mu 1834, ndiye mavolti amakwera mpaka atapeza potulukira. Ikani 0.02 joule yomweyo mu kapasita (kachipangizo kosunga magetsi) ya 1 µF, ifika pafupifupi mavolti 200. Ikani mu ya 1000 µF, muona 6.3 okha. Mphamvu ndi imodzimodziyo, ngati madzi a m'kapu amene amaoneka ambiri mukawathira mu botolo lowonda.

Tsono mphamvu yanu ikuthera kuti? Yambiri imapsera mu waya. Mukawirikiza magetsi kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi, n'chifukwa chake koyilo imaotcha chala. Pamene ambiri amaluza kwenikweni ndi pa kutalika kwa pulse, nthawi imene magetsi amakhala oyatsidwa mu koyilo musanawadule. Magetsi amakwera pang'onopang'ono, ndipo ikadutsa nthawi ya L/R (L kugawa ndi R, ma ohm a koyilo) kasanu amakhala afika pachimake. Kuchokera apo palibenso chimene chikusungidwa, batire likungotenthetsa waya. Fupikitsani pulse, muona kusintha nthawi yomweyo. Dayodi wamba, kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi kamene mphamvu yobwerera imadzerapo, imadyako pafupifupi 0.7 V, ndipo ya mtundu wa 1N4007 imachedwa ngati mukuyatsa ndi kuzimitsa mofulumira kwambiri. Pezani yachangu kapena ya Schottky yopirira mavolti anuwo. Ngati pakati pa koyilo mwaikapo chitsulo cha chibulumwa, nachonso chimatentha chokha. N'chifukwa chake ma transformer amapangidwa ndi timapepala tachitsulo tosanjikiza.

Ngati koyiloyo ikuyendetsa mota, pali chinanso. Mphamvu imene yazungulitsa gudumu yapita, siingabwerenso kudzera pa dayodi.  Ma mota a m'mafakitale otchedwa switched reluctance motor amabweza mphamvu ya mu koyilo kudzera pa madayodi awiri pa gawo lililonse, ndipo amawononga magetsi ochepa chifukwa cha zimenezi, koma palibe yomwe imadziyendetsa yokha.

Chimene chimandipweteka n'choti anthu amanamizidwa ndi muyeso. Multimeter (chida choyezera magetsi) wamba siiwerenga bwino magetsi odukizadukiza, ndipo batire la lead acid, ngati la galimoto, limaonetsa mavolti okwera likangochoka kumene potchaja, likapuma amatsika. Yesani chonchi: yendetsani makina anu ndi kapasita yaikulu, yobwererayo muilandire mu kapasita ina. Lembani mavolti a zonse ziwiri poyamba ndi pomaliza, muwerengere theka la C (kukula kwa kapasita mu ma farad) kuchulukitsa ndi V (mavolti) kawiri, ½ × C × V × V, pa iliyonse. Mutiikire manambalawo muno pamodzi ndi ma ohm a koyilo yanu, tithandizane kupeza pulse yoyenera.