Funsani Mmisiri: Denga Likudontha Koma Kunja Kulibe Mvula

Mwezi uno makalata atatu abwera ndi dandaulo la chinyezi m'nyumba, onse ochokera kumadera otentha. Ndiyamba ndi ya ku Nkhata Bay chifukwa vuto lake ndakumana nalo kambirimbiri pa ntchito yanga yomanga.

Funso: Ndinamanga nyumba ya malata chaka chatha, ilibe siling'i. M'bandakucha madzi amadontha kuchokera kudenga n'kunyowetsa neti ndi zofunda, ngakhale kunja kulibe mvula. Wokhoma malata wabwera kawiri, wamata misomali yonse ndi phula, koma palibe chasintha. Kodi anandigulitsa malata obooka? Mayi wa ku Nkhata Bay.

Mayi, pepani ndi ndalama za phulazo. Malata anu ndi abwinobwino, ndipo wokhomayo musamuimbe mlandu. Madziwo ndi mame, kungoti agwera m'nyumba m'malo mogwera pa udzu. Mukatulutsa botolo la Fanta mu firiji n'kuliika patebulo, limachita thukuta, chonsecho silinabooke. Mpweya wofunda wakhudza galasi lozizira n'kusiyapo madzi amene unanyamula. Malata anu usiku amasanduka botolo lija.

Mpweya umanyamula madzi molingana ndi kutentha kwake. Tiyerekeze bokosi la mita imodzi mbali zonse. Mpweya wa m'bokosimo ukakhala pa madigiri 30 ungasenze madzi okwana magalamu 30, koma ukazizira kufika pa madigiri 20 umangokwanitsa magalamu 17. Otsalawo ayenera kutera penapake, ndipo amatera pa chinthu chozizira kwambiri m'nyumbamo. Lata ndi lopyapyala: masana limatentha moti simungaligwire, koma usiku kumwamba kukayera limataya kutenthako msanga mpaka kuzizira kuposa mpweya wa m'chipinda. Muonetsetse sabata ino. Usiku wa mitambo mupeza kuti kudontha kwachepa, usiku wa nyenyezi kwachuluka. Denga lobooka silichita choncho.

Nanga madzi ochuluka chotere akuchokera kuti? Ena ndi a kunyanja, pajatu boma lanulo ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'Malawi muno, ndipo mpweya wake ndi wonyowa kale. Koma ambiri mukuwapanga nokha. Munthu mmodzi akagona usiku wonse, kupuma ndi thukuta lake zimatulutsa madzi pafupifupi kapu imodzi. Muwerenge anthu a m'nyumba mwanu. Onjezanipo mphika wa nyemba wobwata pa mbaula, zovala zoyanikidwa pa chingwe pabalaza chifukwa cha mvula, ndiponso nyumbayo payokha, poti simenti ndi pulasitala watsopano amatulutsa madzi kwa miyezi yambiri. Mukatseka mawindo onse poopa udzudzu ndi akuba, nthunzi yonseyo ilibe kolowera koma kukwera kudenga.

Nyumba ya udzu ya agogo athu sinkadontha chonchi. Udzu wokhuthala suzizira msanga, komanso mpweya unkadutsa pakati pa khoma ndi denga. Ife tinachotsa udzu n'kuika lata, kenako tinatseka mpata uja ndi njerwa ndi matope kuti mileme isalowe.

Ndiye yambani ndi chotchipa. Aitaneni omanga aboole maventi, mabowo odutsa mpweya, pamwamba pa makoma awiri oyang'anizana, pafupi ndi nsonga ya denga, ndipo aikemo waya wa sefa kuti udzudzu ndi mileme zikanike. Akhale mbali ziwiri, chifukwa venti imodzi payokha siyendetsa mpweya. Mbaula ipite kukhitchini ya panja kapena pakhonde. Apa ndinenetse: makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wakupha wosanunkha, ndiye musagone nayo mbaula ngakhale nthawi ya chisanu.

Ndalama zikapezeka, ikani pepala lonyezimira lija timalitchula kuti Sisalation kunsi kwa malata. Ambiri amaliika molakwika. Mbali yonyezimira imagwira ntchito pokhapokha ikayang'ana mpata wa mpweya, wosachepera mamilimita 25. Ikakanikizana ndi chinthu china, mphamvu yake yobweza kutentha yatha. Poyala ayambire kumunsi kukwera kumtunda, pepala lapamwamba lizivindikira lapansi monga timasanjira malata, lilendewere pang'ono pakati pa matabwa, ndipo mapeto ake atulukire kunja kwa khoma kuti kadontho kalikonse kakagwere panja. Pa nyumba yomanga kale pamafunika kuzula malata n'kukhomanso, choncho ndi bwino kuchita zimenezi m'chilimwe.

Kenako siling'i. Ngati ya kusitolo yakukulirani, bango kapena nsungwi zosanjidwa bwino zimathandiza, ndipo malo ambiri ogona alendo m'mbali mwa nyanja amachita zomwezo. Koma mpata wa pakati pa siling'i ndi malata uzipita mphepo. Zaka zapitazo ku Salima ndinayala pulasitiki wakuda pamwamba pa siling'i ya banja lina, ndikuganiza kuti ndikutchinga madontho, ndipo maventi sindinaike. Madzi anadikha pa pulasitikiyo, n'kupeza polowera pa misomali, ndipo itatha mvula yachiwiri mabodi anali atafufuma, ena atagwa pabalaza. Ndinakakonza ndi ndalama zanga, ndipo mpaka lero sindikhoma siling'i ndisanaone kumene mpweya wa m'denga utulukire.

Funso: Ndili ndi zipinda zinayi zogona alendo ndipo ndinaikamo eyakoni, makina oziziritsa mpweya. Chizizirireni zipindazo, kuseri kwa wadilopu kwachita nkhungu yakuda ndipo alendo akudandaula fungo. Mng'ono wanga wa ku Britain akuti ndikute makoma ndi pulasitiki mkati, kenako ndikhome mabodi pamwamba pake, monga amachitira kumeneko. Bambo wa ku Mangochi.

Bambo, ang'ono anuwo akunena zoona za kumene ali, koma ku Mangochi zimenezo zikuwonongerani nyumba. Lamulo lake ndi lakuti chotchinga nthunzi chimaikidwa mbali yofunda ya khoma. Ku Britain miyezi yambiri kunja kumazizira, m'nyumba n'kumafunda, ndiye pulasitiki amakhala mkati. Inu mwatembenuza zinthu: kunja kukutentha ndi chinyezi cha kunyanja, mkati mwazizira ndi eyakoni. Nthunzi ikuyenda kuchokera kunja kulowa m'khoma. Ikakafika pa pulasitiki wozizira wa mkatiyo isanduka madzi kuseri kwa mabodi, kumene simukuona, ndipo mudzadziwa zinthu zitaola kale. Penti wa mafuta mkati mwa chipinda chotere amachitanso chimodzimodzi, n'chifukwa chake amatukusira matuza. Mkati pakani penti wa madzi kapena laimu, khoma lizitha kuumira m'chipinda momwe makina akuchotsa chinyezi.

Onaninso kukula kwa makinawo. Eyakoni sikuti imangoziziritsa, imakamanso madzi mu mpweya, aja amatuluka pa kapaipi kunja. Ikakula kwambiri poyerekeza ndi chipinda, imaziziritsa mphindi zochepa n'kuzima isanakame madzi okwanira, chipinda n'kukhala chozizira koma chonyowa. Alendo akamaitsitsa mpaka madigiri 16, makoma amazizira mopitirira ndipo wina akangotsegula chitseko, mpweya wa kunja umasiyapo mame. Muziika pa 24 kapena 25, ndipo nyengo ya mvula gwiritsani ntchito batani lolembedwa Dry, lomwe nthawi zambiri limakhala ndi chizindikiro cha kadontho. Tsekani mipata ya kunsi kwa zitseko ndi m'mbali mwa mawindo, ndipo pamwamba pa siling'i yalani fibreglass, chinthu chonga thonje chotchinga kutentha, kuti kutentha kwa malata kusatsike. Mapaipi a eyakoni akhale okutidwa ndi siponji yake paliponse, apo ayi azidonthera pa siling'i.

Wadilopu isunthidwe, pakhale mpata wolowa dzanja pakati pa iyo ndi khoma. Nkhungu yomwe ilipo itsukidwe ndi Jik wosungunula m'madzi, mawindo ali otsegula, wotsukayo atavala magolovesi, ndipo asasakanize ndi mankhwala ena otsukira. Musaichedwetse, imadzutsa mphumu makamaka kwa ana.

Funso: Penti wa kumunsi kwa makoma anga akusupuka ndipo pakutuluka zoyera ngati mchere. Kodi ndiike siling'i? Mphunzitsi wa ku Chikwawa.

Aphunzitsi, siling'i ikuthandizani pa kutentha kwa m'chigwa cha Shire, koma vuto ili silichokera kumwamba. Njerwa zikuyamwa madzi a m'nthaka monga chingwe cha nyali chimakokera palafini, ndipo madziwo akauma amasiya mchere. Kawirikawiri sapitirira mita imodzi kuchokera pansi. Chimene chimawatchinga ndi DPC, pulasitiki wakuda uja timayala pamwamba pa maziko, ndipo ayenera kukhala mamilimita 150 kapena kuposerapo pamwamba pa nthaka ya panja. Mwina sanaikidwe, mwinanso alipo koma dothi lakwera n'kumukwirira, monga zinachitikira nyumba zambiri kumene madzi a namondwe Freddy anasiya matope mu 2023.

Kuti mutsimikize, dulani pulasitiki woonekera wa masentimita 30 mbali zonse, mumumate pakhoma ndi tepi mozungulira, musiye masiku awiri. Akanyowa mbali ya kukhoma, madzi akuchokera m'njerwa. Akanyowa mbali ya kuchipinda, ndi mame a mpweya wa m'nyumba. Akakhala a m'njerwa, fukulani dothi lotsamira khoma mpaka DPC aoneke, kumbani ngalande yotengera madzi a padenga kutali ndi maziko, ndipo maluwa othiriridwa tsiku ndi tsiku achoke m'mphepete mwa khoma. Gumulani pulasitala wovundayo, khoma likhale lamaliseche mpaka Okutobala liume ndithu, ndiyeno mupake wina. Mukapeza kuti DPC mulibiretu, ndilembereninso mundiuze ngati khomalo ndi la njerwa zowotcha, zidina kapena mabuloko, chifukwa kakonzedwe kake kamasiyana.