Yankho: ulendo wa banja kukaona malo a nkhondo ya 1914

Mwafunsa, bambo, ngati masiku 4 angakwane kuti muyende pagalimoto ndi ana kuchokera ku Blantyre mpaka kumanda a asilikali ku Karonga. Ine ndingawonjezepo masiku awiri, chifukwa mtundawo ndi wautali, ndipo pa Chiweta msewu wa M1 umatsetsereka mokhotakhota kwambiri moti si bwino kudutsapo kukada.

Yambirani ku Zomba, pachipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, gulu la asilikali a ku Africa limene linali pansi pa Angerezi, kenako mukagone ku Mangochi. Kumeneko, pafupi ndi nsanja ya wotchi, pali mfuti ya sitima ya Angerezi ya Guendolen, imene mu August 1914 inawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhafen, kumene lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania. Ana amaikonda mfutiyi kuposa china chilichonse.

Ku Karonga nkhondo inamenyedwa pa 9 September 1914, ndipo m'mandamo munagona Angerezi ndi Ajeremani omwe. Mandawo ndi ochepa, simudzathapo ola limodzi, choncho mukafikeko m'mawa dzuwa lisanawawe, mutatenga madzi akumwa, ndipo anawo muwauziretu kuti pamanda sathamangathamanga.