Moni, odi ndi zikomo tinawatola kuti?

Mayi wina wa kwa Mkanda ku Mchinji wanditumizira imelo, akuti mwana wake wabwera kusukulu n'kumati moni si Chichewa koma chizungu chopotoka, ndiye akufunsa ngati nzoona, komanso kuti odi ndi zikomo anachokera kuti.

Mayi, mwanayo musamukalipire. Ambiri otsata za chiyankhulo amati moni ndi morning uja wa azungu, tinangomudula mchira n'kumamupereka ngakhale dzuwa litalowa. Odi naye ndi mlendo, ndi hodi wa Chiswahili, anabwera limodzi ndi bwana.

Koma zikomo ndiye nkhani yake imandikomera heve. Anthu amamulumikiza ndi izinkomo, kutanthauza ng'ombe m'chiyankhulo cha Angoni amene anawoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, ndipo taganizani, kwa Mngoni ng'ombe ndiye chuma, ndiye lobola, ndiye cholipira mlandu, ndiye munthu kutchula ng'ombe pothokoza sizinali zocheza ayi. Lero zikomo yemweyo timapemphera njira, timaitanira munthu, timayambira kulankhula pabwalo. Inu a ku Mchinji izi muli nazo pakhomo, mafumu Zulu ndi Mlonyeni ndi Angoni a Mpezeni, kumeneko ulemu wa Inkosi ndi Bayete, pomwe Achewa tikapita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'dziko la Zambia mu Ogasiti timafuula Yooo Gawa! Maina a mfumu yathu yaikuluyo, Kalonga Gawa Undi, nawonso amalankhula, Kalonga ndi wolonga mafumu, Gawa ndi wogawa malo. Mfumu ya kumudzi timati Gogo Chalo, chalo kukhala dziko.

Ine chimene chimandikhudza kwambiri si mawu obwerekawa, ndi mfunda, dzina la mtundu wa makolo ako. Agogo akumudzi sangokuponyera moni n'kudutsa, amayamba akupatsa mpando kapena mphasa, ukhale kaye, kenako akuwomba m'manja, wawa a Phiri, wawa Nabanda, apo ndiye akulonjera. Kukutchula mfunda ndiye kuti akudziwa kumene unachokera ndi makolo ako omwe, nchifukwa chake mtima umazizira. Ndipo zimandipweteka ndithu kumva mnyamata pa depoti akuuza gogo wa imvi kuti uli bwanji, ka a- ndi mu- kaulemu kaja wakataya, chikhalirecho sikalira ndalama. Muonenso kuti mkazi mfunda sautaya pokwatiwa, Nambewe akakwatiwa kwa a Mwale amakhalabe Nambewe mpaka kukalamba, ndipo apongozi ake amamuitana choncho.