Funsani Amalume a Kudimba: Kapaini kanga ka bonsai kakufiira masamba

Amalume muli bwanji? Ine ndili kuno ku Chelstone. Mu Disembala alamu anga anandipatsa kamtengo ka paini ka bonsai, kaja kokhala mu poto yosaya ngati mbale, kanali kobiriwira bwino moti mlendo aliyense amayamba wakajambula kaye asanakhale pansi. Ndinakaika mu sitting room pambali pa TV, ndimakathirira m'mawa uliwonse madzi a pa borehole osaphonya olo tsiku limodzi, ndipo mwezi watha ndinathirako kafeteleza ka D compound kotsala kumunda. Manje masamba ayamba kufiira, ena akuyoyoka ndikangokhudza. Kafa kapena? Alamu akabwera ndiwauza chani ine?
Mayi wodandaula, Chelstone

Mayi, pepani kwambiri, koma tisanalire maliro tengani kaye chikhadabo mukande khungwa pang'ono pa nthambi imodzi. Mukaona pobiriwira ponyowa mkatimo ndiye kuti kakadali moyo. Mukapeza pouma pa bulauni, kandaninso pa thunthu chapansi. Ndikunena izi chifukwa paini ndi wachiphamaso, mizu imatha kufa iye n'kukhalabe wobiriwira masabata angapo, ndiye zomwe mukuona lerozi zinayamba kale.

Kenako onani kuti masamba akufiirawo ndi ati. Tsamba la paini limakhala zaka ziwiri kapena zitatu n'kugwa lokha, ndiye ngati akufiira ndi akale okhaokha a mkati pafupi ndi thunthu, kunsonga kuli kobiriwira, musavutike mtima, mtengo ukungovula malaya akale, thotholani ndi zala basi. Koma akafiira a kunsonga kwa nthambi, atsopano aja, pamenepo pali mlandu.

Ndipo kwa inuyo mlandu ndauona kale, ndi ka TV stand ako. Paini si duwa la m'nyumba ayi. Ganizani kumene amamera, mapiri a ku Chikangawa ndi Zomba ku Malawi, kapena minda ya mitengo ya kampani ya ZAFFICO ku Copperbelt, dzuwa tsiku lonse mphepo ikuwomba. Kukhala mu poto yaing'ono sikumusintha mtundu. M'nyumba kuwala n'kochepa, mtengo sumwa madzi ambiri, dothi siliuma, inu m'mawa mwabweranso ndi jagi, mawa lake chimodzimodzi, mizu imangokhala m'matope mpaka kubanika n'kuyamba kuola. Chomvetsa chisoni n'choti mizu yoola siikoka madzi, masamba amauma ngati a mtengo waludzu, mwini wake poona choncho amawonjezera madzi, ndiye kumalizitsa kumeneko. Ineyo wanga woyamba ndinamupha chonchi, ndikumuthirira mwachikondi madzulo aliwonse pochokera kuntchito, nditazula ndinapeza mizu yakuda yoterera, fungo ngati ngalande.

Chitani izi lero lomwe. Katulutseni panja, koma osati kukaponya padzuwa la masana nthawi imodzi, kayambe pakhonde polandira dzuwa la m'mawa sabata imodzi kapena ziwiri kenako muzikasunthira poyera pang'onopang'ono. Popeza mvula ikugwabe, kaikeni poti chimvula chisamakakhuthukire tsiku ndi tsiku. Chotsani kambale ka pansi kaja, poto muikhazike pa njerwa ziwiri, muonenso ngati mabowo a pansi sanatsekeke. Kuthirira kwa pa wotchi kulekeni. Tengani kamtengo kouma kowonda mukazike m'dothi, mukazula kali konyowa musathire, mukazula kouma ndi pomwe muthire, ndipo muthire ambiri mpaka atulukire pansi. Mu Okutobala, kutentha kuja, mutha kupezeka mukuthirira tsiku lililonse mwinanso kawiri, poto yosaya siichedwa kuuma, mu Juni ndi Julaye pamatha kupita masiku angapo.

Za madzi a borehole, suzumirani mu ketulo yanu. Zoyera zomata pansizo ndi laimu, Lusaka yathuyi yakhala pa miyala ya laimu ndiye madzi a pansi amabwera nayo. Paini sakonda laimu wambiri, pakapita nthawi masamba amatuwa chachikasu ndipo m'mphepete mwa poto mumachita zoyera. Sichipha msanga, koma poti mvula ilipo tcherani ndowa muzisunga.

D compound uja ndiye musabwerezenso. Wa chimanga ameneyo, m'munda amamwazikana, koma mu poto ya dothi lodzaza manja awiri amawotcha mizu, nsonga za masamba zonse zimapsa mofanana ngati mwadutsitsapo kandulo. Ngati timibulu tikuonekabe pamwamba tolani. Mtengo wodwala sitiupatsa feteleza, dikirani uphuke kaye.

Tizilombo tingakhaleponso. Ikani pepala loyera pansi pa nthambi muigwedeze, mukaona timadontho tikuyenda ndi akangaude ofiira omwe aja amavuta pa tomato, amakonda nyengo yotentha youma, atsukeni ndi madzi amphamvu masiku angapo motsatizana. Toyera ngati thonje m'tsinde mwa masamba ndi nsabwe za zomera. Pomwe mukaona tsamba lili ndi mawanga kapena kamzere kofiira kozungulira pakati, kunsonga kouma kumunsi kobiriwira, amenewo ndi matenda a chinyezi, chotsani masamba odwala muwotche, musamanyowetse masamba madzulo, ndipo mankhwala a copper oxychloride a alimi a tomato amathandiza kuteteza otsalawo mukatsatira muyezo wa pa paketi.

China, manja akuyabwani kuti muzule muone mizu, ndikudziwa. Pokhapokha dothi likununkha kuola, kasiyeni mpaka kumapeto kwa Julaye kapena mu Ogasiti kasanayambe kuphuka. Pamenepo musinthe dothi, mchenga wa kumtsinje wokhakhala, njerwa zoswa zosefa fumbi, makungwa a paini owola ndi timakala pang'ono, osati dothi lakuda la pa bedi ya repu. Mukaona zoyera ngati chuku pa mizu zonunkhira bowa musatsuke, ameneyo ndi bwenzi lake la paini, amamuthandiza kukoka chakudya, ndipo dothi lakale musachotse lonse.

Masamba omwe afiira sabiriwiranso, zimenezo muvomereze, inu muziyang'ana timphukira ta kunsonga ngati tili tolimba. Musadulenso nthambi mpaka kusiya yopanda tsamba lobiriwira, paini nthambi yotero kawirikawiri imangouma. Alamuwo auzeni zoona kuti munakaika pa TV, mwinanso iwo pogula sanauzidwe kuti n'ka panja. Ndilembereninso pakatha mwezi, mundiuze kuti pansi pa khungwa munapeza zotani.

Amalume