Premiere ikamaima njii pa vidiyo ya ukwati, funsani kaye za foni imene inajambula

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa ku Rosettenville, amene amajambula maukwati ndi zinkhoswe za Amalawi kuno ku Joni. Nkhani yake ndi iyi: ukwati anajambula ndi kamera yake, koma achibale a mkwatibwi anamupatsanso timavidiyo ta perekani-perekani tojambula ndi ma iPhone. Mu Premiere Pro, pulogalamu yokonzera mavidiyo, za pakamera zimayenda bwinobwino, koma akangofika pa za m'mafonizo pulogalamu imaima njii, nthawi zina mpaka kudzitseka yokha. Akufunsa ngati agule laputopu ina.

Achimwene, marandiwo asungeni kaye. Ine ndikukayikira codec yotchedwa HEVC, imene ena amati H.265.

Fayilo ya .mov kapena .mp4 ndi thumba chabe. Codec ndi njira imene zithunzi anazipanikizira kuti zikwane m'thumbamo. HEVC inakhazikitsidwa mu 2013, ndipo kuyambira pa iOS 11 mu 2017 ma iPhone amajambula nayo. Imasunga malo kwambiri chifukwa siisunga chithunzi chilichonse chathunthu. Imasunga chimodzi, kenako n'kumangolemba zimene zasintha. Taganizirani mlembi wa perekani-perekani amene walemba ndalama zonse kamodzi pamwamba pa tsamba, kenako n'kumangoti "aonjezera 50, aonjezera 20". Mukamufunsa kuti pofika mzere wa 40 ndalama zinali zingati, ayenera kubwerera pamwamba n'kuyamba kuwonkhetsa. Poonera vidiyo palibe vuto, chifukwa mukuyenda nayo kutsogolo. Koma pokonza mumadumpha uku ndi uku, kudula, kubwerera m'mbuyo, ndipo kompyuta imawonkhetsa kambirimbiri pa sekondi imodzi mpaka kutopa.

Makompyuta atsopano ali ndi kachipangizo kogwira ntchito imeneyi pakokha. Mapurosesa a Intel anayamba kubwera ndi kachipangizoka kowerenga HEVC ya 8-bit pa m'badwo wa 6, mu 2015, ndipo ya 10-bit, imene imasunga mitundu yochuluka, pa m'badwo wa 7. Tsono iPhone 12 ndi zotsatira zake zimajambula HDR ya 10-bit, kutanthauza vidiyo yoonetsa bwino powala ndi pamdima pomwe. Ambiri a ife tinagula malaputopu akale otsika m'maofesi, ndiye ngati yanu ndi yakale kuposa pamenepa, katundu yense amagwera purosesa.

Palinso china chimene chimabwera limodzi ndi mafoni. Muholo mukakhala mdima, foni imachepetsa yokha chiwerengero cha zithunzi pa sekondi, kenako n'kukwezanso pakawala. Izi ndi zimene amati variable frame rate. N'chifukwa chake nthawi zina a MC milomo ikuyenda kwina, mawu kwina.

Musanachite chilichonse, tsitsani MediaInfo, pulogalamu yoonetsa mmene fayilo inapangidwira, ndi yaulere. Tsegulani nayo kavidiyo kamodzi kovutako. Mukaona HEVC pa Format, 10 bits pa Bit depth, ndi Variable pa Frame rate mode, wakuba wagwidwa. Kuti mutsimikize, tsegulani project yatsopano n'kuikamo kavidiyo kameneko kokha. Ikaimanso, vuto si kukula kwa project yanu.

Mankhwala ake ndi kusintha mafayilowo musanayambe kudula. Ine ndimagwiritsa ntchito pulogalamu ya Shutter Encoder, n'kuwasandutsa ProRes kapena DNxHR. Ma codec amenewa amasunga chithunzi chilichonse chathunthu, kotero ngakhale laputopu yokalamba imapuma. Kuipa kwake amadya malo: ola limodzi la ProRes 422 pa 1080p limapitirira 50 GB. Ngati hard drive ndi yaing'ono, tengani pulogalamu ya HandBrake, sankhani codec ya H.264, dinani Constant Framerate, ndipo muike chiwerengero chofanana ndi cha kamera yanu, kaya 25 kaya 30. Ma proxy a mu Premiere, amene ndi makope opepuka ogwiritsa ntchito podula, nawonso amathandiza, koma kwa mafayilo a variable frame rate ndimakonda kuwasintha kaye, chifukwa proxy ndi fayilo yeniyeni nthawi zina sizigwirizana kutalika.

Ntchitoyi ndi ya usiku, mukamapita kogona. Laputopu ikhale pa chaja, chifukwa pa batire imadzichepetsa mphamvu. Ine tsiku lina ndinasiya mafayilo a ukwati wonse akusinthidwa, magetsi n'kuzima pakati pa usiku, batire n'kutha. Kutacha ndinayambiranso, banja likundiimbira kuti amalume akukwera basi ya ku Blantyre ku Park Station masana omwewo ndipo akufuna kunyamula flash. Mafayilo oyamba aja musawafufute mpaka ntchito yonse itaperekedwa.

Pa ukwati wotsatira, lankhulani ndi achibale ojambulawo mwambo usanayambe. Wa iPhone alowe pa Settings, Camera, Formats, asankhe Most Compatible, ndipo azimitse HDR Video pa Record Video. Adziwe kuti 4K ya zithunzi 60 pa sekondi imafunabe High Efficiency, ndiye ajambule pa 30. Mafoni a Samsung nawo ali ndi pozimitsira HEVC mu settings za kamera. Mavidiyowo muwatenge ndi kebulo kapena kudzera pa Google Drive, chifukwa akatumiza wamba pa WhatsApp amafika ofinyidwa, diresi la mkwatibwi lili mabangamabanga.